Kumanga wodwala pabedi: mafunso ndi mayankho a m'mawodi a ku Mzuzu

Mafunso ali m'munsimu ndi amene amabwerabwera m'mawodi kuno ku Mzuzu. Ena amachokera kwa anamwino ongoyamba kumene ntchito, ena kwa ophunzira amene abwera kudzaphunzira ntchito m'wodi, ena kwa magadiyani amene m'mawa apeza m'bale wawo atamangiriridwa kubedi. Ngati chipatala chanu chili ndi ndondomeko yakeyake yolembedwa, yambani mwatsata imeneyo. Pano tikufotokoza kachitidwe ndi zifukwa zake.

Tikati "kumanga wodwala" tikunena chiyani kwenikweni?

Tikunena njira iliyonse yoletsa munthu kusuntha mkono, mwendo kapena thupi lonse, imene mwiniwake sangathe kuichotsa. Malamba a pamkono ndi a pakakolo ali m'gulumo, koma si okhawo. Bandeji yokulunga dzanja n'kumangirira kubedi, chitenje chodutsitsa pamimba, shiti yopanikizira pansi pa matiresi mpaka munthu osatha kutembenuka, zitsulo za m'mbali mwa bedi zokwezedwa mbali zonse ziwiri kuti wofuna kutsika asatsike, ngakhale anthu anayi kumugwira ndi manja, konseko n'kumanga.

Kathabwa komangirira kumkono wa mwana kuti diripi iyende, chikhakha cha fupa lothyoka ndi lamba wa patebulo la ku fiyeta sitiziwerengera, chifukwa ndi mbali ya chithandizo chenichenicho.

Nanga anamwino amaiona bwanji nkhaniyi?

Ndi ochepa amene amamanga munthu mtima uli m'malo. Ambiri amamanga akudandaula chamumtima, n'kumadziuza kuti panalibe kuchitira mwina. Ofufuza m'mayiko osiyanasiyana amapeza zomwezo: namwino amadziwa kuti kumanga kumachotsa ulemu wa munthu, koma amaopa kwambiri zimene zingachitike akapanda kumanga.

Mantha ake ndi odziwika. Wodwala akagwa pabedi usiku n'kuthyoka chiuno, m'mawa funso limakhala lakuti "munali kuti?" Akazula kanyula (kapaipi kolowetsa mumsempha kodutsamo diripi ndi mankhwala) yachitatu pomwe mitsempha yake ndi yovuta kupeza, mankhwala a ola limenelo aphonyedwa. Namwino amene anamenyedwapo chibakera sachedwa kuitanitsa zomangira ulendo wina. Ndiye pali chizolowezi. Wophunzira amaona akuluakulu akuchita, akafunsa amayankhidwa kuti "muno timatero", iyenso n'kudzaphunzitsa ena chimodzimodzi.

Mbali imene sitikonda kuivomera ndi yakuti odwala samangidwa mofanana. Mnyamata wonunkha kachasu, kapena amene abale anena kuti amasuta chamba, amamangidwa msanga, mothina, ndipo amachedwa kumasulidwa. Agogo aulemu wawo amene akuchita zomwezo amayamba anyengereredwa kaye. Pamenepo chomangira chasanduka chilango. Mawu akuti "mukapitiriza tikumangani" kapena "akhaule ameneyo" akamveka m'wodi, dziwani kuti nkhani yachoka pa chitetezo.

Usiku namwino amakhala mmodzi kapena awiri wodi yonse. Kumanga sikuchepetsa ntchito?

Ayi, kumaionjezera. Munthu womangidwa sangatembenuke akasanza, sangamwe madzi, sangadzikande, sangapite kuchimbudzi, sangathawe moto utabuka. Zonsezo zabwera m'manja mwanu. Ayenera kuonedwa mphindi 15 zilizonse ndi kumasulidwa maola 2 aliwonse. Werengani nokha: pa shifiti ya maola 12, kumeneko ndi kufika pabedi lake maulendo 48 ndi kumumasula maulendo 6. Amene amaona ngati kumanga kwamupeputsira ntchito ndi amene wamanga n'kuchoka, ndipo ngozi zambiri zimayambira pomwepo.

Kuchepa kwa anamwino ndi vuto lenileni, sitikukana. Koma si chifukwa chovomerezeka chomangira munthu. Zikathina, imbirani woyang'anira usiku, ndipo lembani m'buku la malipoti kuti munalipo angati, odwala analipo angati, ndiponso munapempha thandizo kwa ndani ndi nthawi yanji.

Koma kumanga kumateteza wodwala kuti asagwe kapena kuzula mapaipi, si choncho?

Osati monga mmene ambiri amaganizira. Okalamba omangidwa amagwabe, ndipo akagwa amavulala koposa, chifukwa amagwa akukwera pamwamba pa zitsulo za bedi kapena mkono umodzi utatsalira m'mwamba. Munthu wogona masiku angapo osayenda miyendo imafooka, tsiku lomasulidwa n'kugwa poyamba penipeni kuponda pansi.

Za mapaipi nazonso n'chimodzimodzi. Ku ICU, wodi ya odwala mwakayakaya, odwala ambiri amene amadzizula paipi yopumira amakhala atamangidwa kale manja. Dzanja likakanika kufika kumutu, munthu amatsetsereka pabedi mpaka mutu ufike kudzanja. Kumanga kungathandize kwa maola ochepa, monga pamene munthu akutsitsimuka atachoka ku fiyeta, koma pokhapokha wina ali pafupi.

Wodwala wayamba kubwebweta ndi kulimbana. Choyamba n'chiyani?

Kufunsa chimene chamusokoneza. Munthu amene dzulo amalankhula bwino, lero sakudziwa kumene ali, masana amakhala bwinoko usiku n'kuipiratu, kawirikawiri si wamisala. Thupi lake likudwala ndipo ubongo ukuonetsa. Zoyeza zoyamba sizitenga mphindi 10:

Shuga wa pachala. Akakhala pansi pa 4 mmol/L, kapena 70 mg/dL pa makina owerenga mwanjira imeneyo, mpatseni shuga msanga. Munthu wotsika shuga amatuluka thukuta, amatukwana, amamenya, ndipo amasintha pakangopita mphindi zochepa atalandira dextrose, shuga wa mumsempha. Ganizirani izi kwambiri kwa wodwala shuga amene wabayidwa insulin osadya, chidakwa, mwana wa malungo aakulu ndi aliyense amene akulandira mankhwala a malungo a quinine.

Okosijeni. Kakuyeza pachala kakaonetsa pansi pa 90, amene akuvula masiki ndi kufuna kudzuka akusaka mpweya. Kumugoneka chagada n'kumumanga ndi kumuonjezera kubanika.

Kutentha thupi, BP ndi kugunda kwa mtima. Malungo a muubongo, matenda oumitsa khosi makamaka kwa amene ali ndi HIV, matenda olowa m'magazi ndi kutaya magazi mkati atachitidwa opaleshoni, zonse zimayamba ndi kusakhazikika.

Chikhodzodzo. Gwirani pachinena. Bambo wachikulire amene sanakodze kuyambira masana amaphiriphitha usiku wonse, ndipo paipi ya mkodzo ikalowa amagona tulo. Ngati paipi ilimo kale, onani ngati yapindika kapena yatsekeka. Kudzimbidwa ndi ululu wosapatsidwa mankhwala zimachitanso zomwezo.

Mowa. Munthu womwa tsiku ndi tsiku akagonekedwa, tinene atathyoka mwendo pa ngozi ya kabaza, amayamba kunjenjemera tsiku loyamba, ndipo pakati pa tsiku lachiwiri ndi lachinayi akhoza kuyamba kuona njoka ndi tizilombo pakhoma, thukuta lili kamukamu. Ameneyu akufunika mankhwala odekhetsa a diazepam ndi vitamini wa thiamine molembedwa ndi dokotala, osati chingwe. Funsani gadiyani pambali, mwaulemu, chifukwa ambiri sanena za mowa pagulu.

Mutu. Fungo la mowa lisakutsekeni m'maso. Woledzera amene wagwa kapena kumenyedwa akhoza kukhala kuti magazi akuchucha mkati mwa chigaza. Onani kukula kwa timwana ta maso onse awiri, lembani GCS (muyeso wa mmene munthu akutsegulira maso, kulankhula ndi kusuntha thupi), ndipo bwerezani.

Kutumiza munthu wotere kuchipatala cha matenda a maganizo musanayeze izi ndi kutaya nthawi imene ubongo wake ulibe.

Zina zotani zimene tingayese tisanamange?

Zambiri ndi zazing'ono ndipo sizifuna ndalama. Sunthani bedi lake libwere pafupi ndi tebulo la anamwino. Ngati mantha ndi akugwa, tsitsani matiresi pansi. Wogona pansi sagwa. Siyani kagetsi koyaka pang'ono, chifukwa mdima umasandutsa chitsulo cha diripi kukhala munthu woimirira. Bwezerani magalasi a agogo. Mupititseni kuchimbudzi musanazimitse magetsi, popeza ambiri amene amatsika pabedi usiku amafuna kukataya madzi basi.

Kanyula ikulungeni ndi bandeji n'kuvindikira ndi malaya a manja aatali. Chimene munthu sakuchiona sachikoka. Paipi ya mkodzo imatidwe pantchafu n'kudutsa mkati mwa chitenje kapena thalauza. Dzifunseninso ngati paipiyo ikufunikabe. Diripi imene ikungoyenda kuti msempha usatseke, pomwe munthu akumwa bwinobwino, ndi bwino kuichotsa kusiyana ndi kumangira munthu chifukwa cha iyo.

Chilankhulo nacho ndi mankhwala. Mzuzu Central Hospital imalandira odwala ochokera m'chigawo chonse cha kumpoto, ndipo munthu akasokonezeka mutu amabwerera ku chilankhulo cha kwawo. Agogo a ku Karonga amene masana amayankha m'Chichewa, usiku akhoza kumva Kyangonde chokha. A ku Nkhata Bay, Chitonga. A ku Chitipa, Chilambya kapena Chindali. Pezani wina m'wodimo amene amachilankhula, kaya ndi wothandizira odwala, kaya ndi gadiyani wa pabedi lina. "Adada" kapena "amama" wonenedwa modekha amatsitsa mtima kuposa anthu atatu okuwa nthawi imodzi. Alankhule munthu mmodzi, ataima patali pang'ono ndiponso chammbali, manja ake akuoneka, osatseka khomo. Anene dzina lake, malo amene ali ndi nthawi, ndipo abwereze kangapo osatopa.

Gadiyani amene wodwala amamukhulupirira aloledwe kukhala pambali pa bedi ngakhale nthawi yoona odwala itatha. Koma sankhani bwino: nthawi zina m'bale amene akukangana naye ndiye akumuwirikiza, ndipo kumutulutsa ameneyo n'kumene kumathetsa phokoso.

Ndiye ndi liti pamene kumanga kuli kololedwa, ndipo amalamula ndani?

Pamene pali ngozi yeniyeni ya pompano, yakuti munthu adzivulaza kwambiri, avulaza wina, kapena achotsa chinthu chimene chikusunga moyo wake, ndipo njira zina zayesedwa n'kukanika. Kutukwana, kuimba usiku, kuyendayenda m'wodi ndi kukana mankhwala sizifika pamenepo. Munthu wamkulu amene mutu wake ukuyenda bwino ali ndi ufulu wokana chithandizo ndi wopempha kutuluka. Ameneyo timakambirana naye n'kulemba, sitimumanga.

Chilolezo chimachokera kwa dokotala kapena kiliniko amene wamuona wodwalayo, ndipo chilembedwe m'fayilo: chifukwa, ziwalo zomangidwa, nthawi yoyambira ndi nthawi yoonanso. Zikachitika modzidzimutsa, namwino akhoza kuyamba n'kuitana dokotala nthawi yomweyo. Ku America malamulo a zipatala amanena kuti womangidwa chifukwa cha ndewu aonedwe maso ndi maso pasanathe ola limodzi, ndipo chilolezo chimatha pakapita maola 4 kwa wamkulu, maola 2 kwa wa zaka 9 mpaka 17, ndi ola limodzi kwa mwana wosafika zaka 9. Ndi malamulo a kwa eni, koma ndi muyeso wabwino kumene kulibe wolembedwa. Chilolezo chakuti "mangani pakafunika" chisalandiridwe, chifukwa chimasiya chitseko chotsegula mlungu wonse.

Kachitidwe kake n'kotani zikafika poti palibe njira ina?

Musayambe muli awiri. Kwa munthu wamkulu amene akumenya pamafunika anthu 5: mmodzi pa mkono uliwonse, mmodzi pa mwendo uliwonse, ndi wotsogolera kumutu. Gawanani ziwalo musanalowe. Chotsani zolembera m'matumba, ndolo, mawotchi ndi chilichonse chopachika m'khosi, valani magolovesi, ndipo sunthani odwala ena. Kawirikawiri munthu akaona anthu 5 odekha amavomera yekha kugona, choncho mpatseni mwayi umenewo komaliza.

Wotsogolera yekha ndiye alankhule, ndipo ntchito yake ina ndi kuyang'ana nkhope ndi kapumidwe. Ogwira agwire pafupi ndi chigongono ndi bondo, osapinda kapena kupotoza mfundo za mafupa. Mugonekeni chagada pabedi, kumutu kokwezedwa madigiri pafupifupi 30. Bondo kapena chigongono cha munthu chisakhudze khosi, chifuwa, msana kapena mimba yake. Akamalavula, wotsogolera avale masiki ndi magalasi. Osaphimba nkhope ya wodwala ndi pilo, thaulo kapena shiti.

Kwa wandewu mangani ziwalo zonse zinayi, kapena mkono umodzi ndi mwendo wa mbali inayo. Miyendo yokha ayi, chifukwa amadzuka n'kugwa chamutu. Chiwalo chimodzi chokha ayinso, chifukwa amagubuduka n'kulendewera nacho. Kwa wosokonezeka amene akungokoka paipi, kukulunga manja ngati magolovesi a nkhonya kumakwanira, ndipo mikono imatsala yomasuka.

Mukatha, chotsani nsapato, lamba, machesi ndi chakuthwa chilichonse m'matumba. Tsekani makatani. Wodwala wamkazi afunditsidwe bwino ndipo pakhale wantchito wamkazi kuyambira poyamba. Muuzeni chifukwa chake ndi chimene chichitike kuti amasulidwe, ngakhale akuoneka kuti sakumva.

Malamba enieni kulibe. Tigwiritse ntchito chiyani?

Nsalu yofewa yopindidwa, yotambalala ngati zala zinayi, pansi pake patayalidwa thonje lokwanira kuzungulira mkono wonse. Bandeji yopyapyala ya gozi payokha ndi yoipa: ikakokedwa ndi kunyowa thukuta imapotana n'kukhala ngati chingwe, ndipo imacheka khungu. Chingwe cha sisalo, linya, mphira, paipi ya diripi ndi unyolo zisayandikire n'komwe.

Mfundo zilipo ziwiri ndipo ntchito zake n'zosiyana. Ya pamkono ikhale yosathina ikakokedwa. Mfundo ya khwekhwe imathina nthawi iliyonse imene munthu wakoka, mpaka magazi kuima. Zala zanu ziwiri zilowe pakati pa nsalu ndi khungu. Ya kubedi ikhale yomasuka ndi kukoka kamodzi, pamalo pamene wodwala sangafike. Mangirirani ku chitsulo cha bedi chimene chimakwera pamodzi ndi wodwala mukakweza kumutu, osati ku zitsulo za m'mbali, chifukwa wina akazitsitsa mosadziwa amakoka phewa mpaka kuguluka. Siyani mpata woti chigongono chipindike pang'ono. Sizasi ikhale pamalo odziwika kwa onse a pashifiti.

Osamanga pamwamba pa kanyula, pachilonda, pamene papsa ndi moto kapena pa fupa lothyoka. Chomangira chikakhala kumtunda kwa kanyula, diripi imaima ndipo dzanja limatupa.

Mphindi 15 zilizonse timaona chiyani?

Ola loyamba wina asachokepo n'komwe. Kenako, ulendo uliwonse werengani kapumidwe, kamene kwa wamkulu kamakhala pakati pa 12 ndi 20 pa mphindi. Muitaneni dzina muone ngati akuyankha. Dinani chikhadabo mpaka chiyere n'kusiya. Mtundu ubwerere pasanathe masekondi 2. Gwirani dzanja ndi phazi ngati zikutentha, muuzeni agwedeze zala, mufunse za dzanzi. Pakhungu lakuda kusintha kwa mtundu sikuoneka msanga, choncho yang'anani m'zikhatho, m'zikhadabo, mkati mwa milomo ndi lilime. Mu June ndi July kuno kumazizira moti zala za aliyense zimakhala zozizira usiku; yerekezani manja onse awiri, fundani dzanjalo kwa kanthawi n'kuyezanso musanangoti ndi mphepo.

Maola 2 aliwonse masulani chiwalo chimodzi chimodzi kwa mphindi pafupifupi 10, pindani ndi kuwongola mfundo zake, onani khungu, mutembenuzeni, mpatseni madzi ndi chakudya atakhala tsonga, ndipo mufunseni za kuchimbudzi. Lembani nthawi yeniyeni imene mwaona, osati kudzaza mizere yonse m'mawa. Posinthana shifiti, kaperekeni wodwalayu pabedi pomwepo, nonse mukuona mikono yake.

Munthu amene amalimbana mwamphamvu n'kukhala chete mwadzidzidzi, thamangirani. Nthawi zambiri timati "watopa, wagona", pomwe mwina wasiya kupuma.

Chimapha kapena kuvulaza munthu womangidwa n'chiyani?

Choopsa kwambiri ndi kumugoneka chafufumimba. Munthu amene wakhala akulimbana thupi lake limafuna mpweya wambiri, koma chifuwa ndi mimba zikapanikizika pansi sizingakule. Akamaphupha posaka mpweya, ogwira amaganiza kuti akuchita makani n'kukanikiza kwambiri. Kutha kulankhula si umboni wakuti akupuma mokwanira. Akati "ndikubanika", mukhulupirireni. Wonenepa, woledzera, wa mphumu ndi wodwala mtima amafa msanga. Ku England, David Bennett anamwalira mu 1998 m'chipatala cha matenda a maganizo ku Norwich atagwiridwa chafufumimba kwa mphindi pafupifupi 25, ndipo imfa ya Olaseni Lewis, wodwala winanso amene anagwiridwa mwamphamvu m'chipatala, mu 2010 inachititsa kuti dzikolo likhazikitse lamulo la mu 2018 lokhudza kugwiritsa ntchito mphamvu m'zipatala zotere.

Chachiwiri ndi masanzi. Wogona chagada kumutu kosakwezedwa akasanza, masanzi amalowa m'mapapo. Chitenje kapena shiti yodutsa pachifuwa imakwera mpaka pakhosi munthu akatsetsereka, n'kumupotola.

Zina zimabwera pang'onopang'ono. Kukoka kwa maola ambiri kumaphwanya minofu, ndipo zotuluka m'minofumo zimawononga impso. Chizindikiro chake ndi mkodzo wochepa wa mtundu wa tiyi wopanda mkaka. Kugona osasuntha kumaundanitsa magazi m'mitsempha ya m'miyendo, ndipo chibuma chake chikhoza kuthamangira kumapapo tsiku lomwe wadzuka. Mkono womangidwa m'mwamba mopitirira kapena mothina umawononga minyewa, dzanja n'kulefuka kapena kuchita dzanzi miyezi. Zilonda za pabedi zimayamba pamchira wa msana ndi pazidendene. Ndiponso kumangako kumaonjezera kusokonezeka kumene timafuna kuthetsa, popeza munthu wosadziwa kumene ali akadzuka ali womangidwa amakhulupirira kuti wagwidwa ndi adani.

Pali odwala amene sayenera kumangidwa n'komwe?

Amene akugwa khunyu kapena kukomoka. Osamugwira miyendo, osamuika supuni m'kamwa. Chotsani zomuvulaza, tetezani mutu, mugonekeni chammbali akasiya kugwedezeka. Kusokonezeka kobwera pambuyo pake kumatha kokha ngati anthu samupanikiza.

Mayi woyembekezera amene mimba yakula asagonekedwe chagada, chifukwa chiberekero chimapsinja msempha waukulu wobweza magazi kumtima. Apendekere kumanzere, ndipo pamimba pasadutse kanthu. Mayi woyembekezera kapena wongobereka kumene akasokonezeka, yezani BP ndi mkodzo msanga. Mwana wamng'ono amagwiridwa ndi mayi ake pamiyendo kapena kukulungidwa m'chitenje kwa mphindi za jakisoni zokha. Okalamba khungu lawo limasupuka ngati pepala lonyowa, ndipo amene akumwa mankhwala osungunula magazi amachita mikwingwirima yaikulu.

Jakisoni wogonetsa sali bwino kuposa chingwe?

Nayenso ndi kumanga, kungoti sakuoneka. Ali ndi malo ake, molembedwa ndi dokotala, ndipo yambani mwapereka mwayi wa mapiritsi. Mankhwala aliwonse ali ndi msampha wake. Diazepam wa mumsempha amabayidwa pang'onopang'ono, chikwama chopumitsira chili pafupi, chifukwa amatha kuimitsa kupuma, makamaka mwa munthu amene wamwa mowa. Kwa okalamba osokonezeka amaonjezera chisokonezo. Chlorpromazine amagwetsa BP ndipo amapangitsa kukomoka kukhala kosavuta, choncho si woyenera kwa wosiya mowa kapena wovulala mutu. Haloperidol akhoza kupotoza khosi, kutulutsa lilime ndi kutembenuzira maso m'mwamba, kapena kupangitsa munthu kulephera kukhala malo amodzi, zimene ena amaziona ngati matenda akukula n'kuonjezera mankhwala omwewo.

Mukabaya, yezani kapumidwe, BP ndi kugunda kwa mtima mphindi 15 zilizonse kwa ola loyamba. Akagona, masulani ndi kumugoneka chammbali. Wogonetsedwa amene wasiyidwa chagada ali womangidwa ndi amene amatsamwa mwakachetechete.

Abale abwera naye atamumanga nyakula kuchokera kumudzi. Titani?

Musawakalipire pakhomo. Kawirikawiri achita zimene akanatha, ndipo ayenda maola ambiri kuchokera ku Mzimba, Rumphi kapena Chitipa. Vutoli si la kuno kokha: lipoti la mu 2020 la bungwe loona za ufulu wa anthu la Human Rights Watch linapeza anthu odwala maganizo omangidwa maunyolo m'mayiko 60.

Choyamba mutembenuzeni ngati wagona chafufumimba m'galimoto. Sonkhanitsani anthu, lankhulani naye, kenako dulani zingwezo; asalowe nazo m'wodi. Onani mabala a pamikono ndi pakakolo, tsukani, funsani za katemera wa kafumbata, yezani shuga ndi kutentha thupi, mpatseni madzi, ndipo onani mtundu wa mkodzo woyamba. Ambiri akamasulidwa ndi kupatsidwa madzi amadekha. Matenda a m'thupi akapezeka kuti palibe, kuno ku Mzuzu thandizo la matenda a maganizo limapezeka kuchipatala cha St John of God, kotero si aliyense wofunika ulendo wa ku Zomba Mental Hospital. Auzeni abale kuti ulendo wina adzabwere naye zizindikiro zikangoyamba, monga kusagona masiku angapo kapena kusiya mankhwala, zisanafike pa chingwe.

Ndine gadiyani. Ndili ndi ufulu wofunsa kapena kumasula m'bale wanga?

Wofunsa muli nawo wonse. Funsani chifukwa chake, amene walamula, zimene zinayesedwa kale ndi nthawi imene adzaonedwenso. Nenani zimene mukudziwa: mowa, khunyu, shuga, mankhwala a kuchipatala ndi achikuda amene wamwa, ndi mmene analili sabata yatha. Kumasula nokha mwakabisira ayi, ndipo kumanga nokha ndi chitenje namwino asakudziwa ayinso. Mukaona dzanja latupa kapena lazizira, kupuma kwasintha, wasanza, kapena sakudzuka mukamuitana, itanani namwino pompo.

Ndime 19 ya malamulo aakulu a dziko lino a mu 1994 imati ulemu wa munthu aliyense sungaphwanyidwe, ndipo imaletsa nkhanza ndi kuchitira munthu zonyazitsa. Malawi inavomerezanso mu 2009 pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala, limene limakhudzanso odwala maganizo. Dandaulo liyambire kwa sisita wamkulu wa wodi kapena metironi, kenako kwa ombudsman wa pachipatala, amene amalandira madandaulo. Likapanda kumveka, kuli Nurses and Midwives Council of Malawi pa nkhani za anamwino, Medical Council of Malawi pa za madokotala ndi makiliniko, ndi Malawi Human Rights Commission.

Timamasula liti, ndipo motani?

Chifukwa chomangira chikangotha, osadikira kuti kuche kapena kuti dokotala adzayendere wodi. Sitidikira kuti apepese kapena avomere kuti analakwa. Akamayankha dzina lake, akutsata malangizo aafupi monga "finyani dzanja langa", ndipo wasiya kukoka, yambani.

Masulani chiwalo chimodzi, dikirani mphindi 5, masulani chachiwiri cha mbali inayo. Ziwiri zotsalazo zimasulidwe nthawi imodzi, kuti asatsale ndi chimodzi. Akhale tsonga m'mphepete mwa bedi kwa mphindi zingapo asanaimirire, wina atamugwira, chifukwa chizungulire chimagwetsa ambiri pamenepa. Onani khungu lonse ndipo lembani bala lililonse, ngakhale laling'ono, pamodzi ndi nthawi yomasulira.

Mutu ukayera, khalani naye pansi mumufotokozere zimene zinachitika, popeza ambiri amakumbukira kumangidwa koma sakumbukira chifukwa chake. Mufunseni chimene chikanamuthandiza kudekha: kaya ndi kuitana mkazi wake, kaya kutuluka panja pang'ono, kaya kulankhulidwa m'Chitumbuka. Yankho lakelo lilembedwe patsamba loyamba la fayilo ndi m'buku lake lakuchipatala, kumene namwino wa usiku wotsatira adzaliona.